Khwawa Limene Linadutsa Pansi pa Mpanda Wanga

Pakona ya kumunsi kwa ploti yanga pali malo amene mpanda wa njerwa umadukira, n'kukayambiranso patsogolo utalowa m'kati. Njerwa za chigawo chatsopanocho n'zofiira kuposa zinzake, ndipo mlendo aliyense akafika amafunsa ngati mpandawo unagwa ndi namondwe wa Freddy. Ndimayankha kuti sunagwe, ndinaugumula ndekha ndi hamala yobwereka, Loweruka lina m'mawa, anthu a m'dera lathu akuonerera. Papita nthawi chichitikireni zimenezi, koma nkhani yake sinachoke mumtima mwanga, chifukwa inandiphunzitsa tanthauzo la mawu akuti chitukuko, mawu amene ndinali nditawalemba kambirimbiri m'kope la komiti ndisanawamvetse.

Makalata a mlembi

Ndimakhala m'munsi mwa phiri la Soche, m'limodzi mwa madera aja amene nyumba zinayamba kumangidwa msewu usanalambulidwe. Ploti ndinagula kudzera kwa amfumu, monga amachitira ambiri, makhansala atangobwerera kumene m'chaka cha 2014. Amene akukumbukira akudziwa kuti kuyambira 2005 mpaka chaka chimenecho m'dziko muno munalibe makhansala, ngakhale kuti lamulo la maboma aang'ono la 1998 limaika chitukuko cha m'madera m'manja mwa makhonsolo osankhidwa ndi anthu. Zaka zimenezo zinatisiyira chizolowezi chimene sichinatheretu mpaka lero. Vuto lililonse, kaya ndi mlatho, kaya ndi bokosi la maliro, tinkalitengera kwa phungu wa Nyumba ya Malamulo, ndipo thumba la CDF, la ndalama za chitukuko cha m'dera la phungu, limene linayamba mu 2006, tinkaliona ngati thumba la m'malaya a phunguyo. Khonsolo ya Mzinda wa Blantyre tinkaidziwa ngati nyumba yaikulu ya ku Chichiri kumene amapita anthu okhala ndi mapepala a malo, osati ife.

Anthu atandisankha kukhala mlembi wa komiti ya chitukuko, chifukwa chachikulu chinali chakuti ndimalemba bwino kalata. Ndipo ndinalembadi. Chaka ndi chaka ndinkasonkhanitsa madandaulo onse papepala limodzi: msewu, mlatho wa oyenda pansi, magetsi a mumsewu, kiyosiki ya madzi, sikipi yotayamo zinyalala, kachipatala ka ana, ngalande. Chiganizo cha ngalande ndikuchikumbukira bwino chifukwa ndinkangochikopera osasintha, ndipo chinkati tikupempha ngalande m'dera mwathu muno popeza madzi akutizunza. Sindinalembepo kumene ngalandeyo iyenera kuyambira, kumene iyenera kuthira madzi ake, kapena nyumba zimene iyenera kudutsa pakati pake. Zinthu zikapanda kuchitika, pamsonkhano tinkati atiiwala, ndipo amene ankakweza mawu kuposa onse ndinali ine.

Madzi a mu Marichi

Za masiku a 12 ndi 13 Marichi 2023, pamene kunafika namondwe wa Freddy, sindifunika kufotokozera munthu wa mu Blantyre. Matope ndi miyala zimene zinatsika m'phiri la Soche zinakwirira mabanja ku Chilobwe, ndipo m'dziko lonse anthu oposa 1,000 anamwalira kapena kusowa. Mbali yathu ya phiri sinagumuke, koma madzi anatsika ngati mtsinje. Nyumba zingapo za kumunsi kwanga zinadzaza mpaka m'mawondo, ndipo nyumba ya mayi wina wogulitsa makala inagwa khoma limodzi usiku, iye ndi ana ake atangothawira kutchalitchi. Zimbudzi zinasefukira, ndipo izi zinkachitika kolera isanathe, kolera ija imene inapha anthu oposa 1,700 n'kuchititsa kuti sukulu za mumzinda uno zichedwe kutsegulidwa mu Januwale chaka chomwecho.

M'nyumba mwanga simunalowe ngakhale dontho. Ndinathokoza Mulungu, ndipo mumtima ndinathokozanso mpanda wanga, umene ndinaumanga ndi maziko akuya a miyala. Mvula itakata ndinatenga kope langa n'kuyamba kulemba mayina a amene katundu wawo anaonongeka, ndi mkwiyo wa munthu amene akudziona kuti alibe mlandu.

Tsiku limene tinatsata madzi

Chilimwe chitafika, a khansala anatiuza kuti kukubwera injiniya wochokera ku khonsolo, ndipo wapempha kuti tisakonze mipando. Izi zinatidabwitsa, chifukwa msonkhano wa chitukuko umene tinkaudziwa ndi wokhala m'kalasi ya pasukulu, alendo kutsogolo, pemphero lotsegulira, mawu a amfumu, mawu a wapampando, kenako madandaulo. Ena atamva kuti sipakhala alawansi anabwerera panjira. Amene tinatsala tinakumana pamtunda, pamene nyumba zomaliza zimathera ndi kuyamba minda ya m'phiri.

Injiniyayo anali mayi wachitsikana, atavala majombo ndi chipewa, ndipo m'manja ananyamula chithunzi chachikulu cha dera lathu chojambulidwa kuchokera m'mwamba. Anachiyala pamwala, ana n'kuunjikana kufunafuna madenga a kwawo. Atapereka moni kwa amfumu ndi kwa akuluakulu, ananena mawu amene ndinawalemba m'kope tsiku lomwelo.

"Makolo anga, ine ndinaphunzira kuwerengera kukula kwa ngalande, koma kumene madzi anu amadutsa sindikudziwa. Chithunzichi chinajambulidwa kopanda mvula. Ndikupempha kuti mundiyendetse mmene amayendera madziwo, kuchokera pano mpaka kumtsinje."

Abambo angapo anayamba kulozera uku ndi uku, aliyense akukokera kunyumba kwake. Pamenepo m'pamene anatulukira agogo ena aakazi amene sanabwerepo kumsonkhano wathu uliwonse, ndipo kunena zoona sitinawaitanepo. Iwo anafika m'dera lino nthawi ya Kamuzu, phiri likadali ndi mitengo, malo onse amene tamangapo ali minda ya chimanga ndi nthochi. Sanalankhule zambiri. Anangoyamba kutsika, akukoka ndodo yawo pansi, ndodoyo ikusiya mzere m'fumbi, ife tonse tikutsata pambuyo ngati ana a sukulu.

Ankaima apo ndi apo. Apa, iwo anati, panali mkuyu, ndipo madzi ankatuluka pansi pake chaka chonse. Apa tinkachapira. Apa anyamata ankagwira nkhanu. Pamalo pamene ankalozapo tsopano pali khitchini ya munthu, kapena bafa, kapena mulu wa zinyalala, koma injiniya uja akayang'ana pansi ankapezadi zizindikiro: mchenga wosalala umene madzi okha amasiya, maziko a nyumba okokoloka mbali imodzi, udzu wobiriwira pakati pa chilimwe. Ankalemba kadontho pachithunzi chake ndi cholembera chofiira, ndipo timadonthoto tinayamba kupanga mzere wokhotakhota wotsika phiri. Mzerewo unadutsa kuseri kwa chigayo, unaoloka kanjira kopita kumsika, n'kulunjika kumene ine sindinkayembekezera.

Ndodo ya agogo inagunda mpanda wanga, n'kuima.

"Khwawa linkadutsa apa, a mlembi," iwo anatero, akugogoda njerwa ndi ndodoyo. "Linkatulukira uko kuli mapapaya anu. Madzi saiwala khwawa, mwanangu. Mukawatsekera pakhomo pawo amakalowa pakhomo pa mnzanu."

Mwambi umenewu ndinaumva kuyambira ndili mwana, ndipo nthawi zonse unkanenedwa za munthu wobwerera ku khalidwe lake lakale. Tsiku limenelo unanenedwa za madzi enieni ndi khwawa lenileni. Ndinayang'ana khoma langa kumbali ya kumtunda, mbali imene sindinkaiona chifukwa geti langa lili kwina. Panali mzere wa matope ouma wofika m'chiuno. M'munsi mwake madzi anali atakumba kamsewu kawo motsatira mpandawo, kukhotera kumanzere, kulowa m'kanjira kopapatiza, ndipo kanjirako kankathera pakhoma lomwe lija linagwa. Mayi wogulitsa makala anali pomwepo m'gulumo, mwana kumsana. Sananene kanthu, ndipo sanandiyang'ane.

Ndinakumbukira zonse nthawi imodzi. Pamene ndinkagula ploti, pakona imeneyo panali potsika, ndipo ndinalipira anyamata kuti athirepo dothi ndi zibuma zosweka mpaka pafanane. Mmisiri amene ankamanga mpanda anandiuza kuti tisiye mpata waukulu pansi, ine n'kukana poopa agalu ndi akuba, ndipo tinagwirizana zosiya timabowo tiwiri tokwana dzanja. Timabowoto tinatsekeka ndi majumbo mvula yoyamba. Madzi osefukira a mu Januwale 2015 anabwera mpandawo usanathe, motero sindinaone chimene udzachite. Zaka zonse zimene ndinkalemba kuti madzi akutizunza, madziwo ankakhotetsedwa ndi njerwa zanga.

Zimene ananena injiniya

Chimene ndimamulemekezera mayi uja n'chakuti sanandichititse manyazi, komanso sanabise chilungamo pofuna kundisangalatsa. Anatiimika tonse pamthunzi n'kufotokoza pang'onopang'ono. Kale, iye anati, mvula ikagwa m'phiri inkagwera pamasamba ndi paudzu, yambiri n'kulowa pansi. Lero imagwera pamalata ndi pamabwalo osesedwa mpaka kuuma gwa, ndipo denga lililonse latsopano limawonjezera madzi othamanga pamtunda. Madziwo akapeza njira yopapatiza amathamanga kwambiri, ndipo akathamanga amakumba. Ngalande yabwino iyenera kutsata malo otsikitsitsa, kumene madzi akufuna kale kupita. Anati n'zotheka kuizunguliza ploti yanga, koma ikhala yaitali, idya simenti yambiri, ndipo ikhala ndi makona awiri akuthwa, pamene pakona ndi pomwe mchenga umaunjikana ndi pomwe ngalande imayambira kusweka.

Bambo wina anafunsa mwaukali ngati tsopano abwera kudzatilembera nyenyezi yofiira, chizindikiro chija chimene anthu a mumzinda uno amachidziwa kuti chikalembedwa pakhoma ndiye kuti nyumbayo iyenera kugwetsedwa. Injiniya anayankha kuti n'zoona lamulo la mapulani a malo la 2016 limafuna kuti womanga mumzinda ayambe wapeza chilolezo, ndipo khonsolo ili ndi mphamvu pa zomangidwa popanda chilolezo. Koma anati iye sanabwere ndi penti. Anati ngalande yokumbidwa mokakamiza anthu amaitayira zinyalala usiku, pamene ngalande imene eni dera agwirizana okha kumene idutse amaisamala. Kenako anapinda chithunzi chake n'kunena kuti mzere wofiirawo autisiyira, tikambirane tokha, ndipo adzabweranso tikadzamuitana.

Hamala

Usiku umenewo sindinadye bwino. Mayi a kunyumba anandisiya mpaka ana atagona, kenako anandiuza chinthu chimene chinandipweteka kuposa ndodo ya agogo. Anati iwo ankadziwa. Mvula ikamagwa ine ndimakhala kuntchito kapena m'nyumba, koma iwo ndi amene amatuluka kukatchera madzi ndi kukaanula zovala, ndipo anaona kangapo madzi akuwunjikana kuseri kwa mpanda n'kukhotera kwa anzathu. Anati anandiuzapo kamodzi, ine n'kuyankha kuti imeneyo ndi ntchito ya aboma. Sindinakumbukire tsikulo, koma mawuwo ndinawazindikira kuti ndi anga.

Ndisaname, maganizo oyamba anali a chipepeso. Ndinawerengera njerwa, matumba a simenti, ndi kachigawo ka malo kamene ndikataye, kumene kunali mapapaya ndi khola la nkhuku. Koma ndinalibe pulani yovomerezeka ya mpandawo, ndipo ngakhale ndikanakhala nayo, ndikanapempha chipepeso kwa yani, pamene mnzanga anataya khoma la nyumba yogona chifukwa cha ine ndipo sanandipemphe kanthu? M'mawa ndinapita kwa mayi uja. Ndinawapeza akupima makala m'timajumbo. Ndinapepesa, ndipo iwo anangoti, "Zinachitika, achimwene. Chachikulu n'chakuti chaka chino tigone." Loweruka lotsatira ndinabwereka hamala. Njerwa zimene zinatuluka zamphumphu tinazinyamula pawilibala kupita nazo kwa mayiwo.

Mzere wofiira unadutsanso kwa ena

Sindikufuna kuti nkhaniyi imveke ngati kuti nditagumula mpanda aliyense anatsatira mokondwa. Kwa ine kunali kutaya mapapaya ndi khola. Kwa ena mzerewo unkadutsa pamalo opweteka kwambiri.

Panali mayi wamasiye amene chimbudzi chake chinali pakati penipeni pa khwawa, ndipo ploti yake ndi yaing'ono moti kunalibe kwina koonekeratu kokumba. Kumuuza kuti achotse chimbudzi chifukwa cha chitukuko kukanakhala kumulanga chifukwa cha umphawi. Tinakhala pansi kawiri konse, mpaka woyandikana naye anavomera kuti dzenje latsopano likumbidwe m'malire mwawo, mabanja awiriwo azigwiritsa ntchito limodzi. Anyamata a mpira anakumba, komiti inasonkha ya simenti ya silabu, ndipo chakalecho tinachikwirira chatsopano chitatha, osati chisanathe. Dongosolo limeneli, loyamba kumanga kenako n'kugumula, ndi limene linachititsa kuti ena atikhulupirire.

Panalinso mdadada wa nyumba za lendi umene mwini wake amakhala ku Johannesburg. Chipinda chomaliza cha mdadadawo chinamangidwa pakhwawa, ndipo amene ankavutika ndi madzi chaka chilichonse anali alendi ake, koma iwo analibe mphamvu yovomereza kanthu. Tinalankhula naye pa WhatsApp, tinamutumizira zithunzi, amfumu analankhula ndi abale ake, koma anakana. Pamenepo ngalande inayenera kukhota, ndipo pakona imeneyo ndi pamene timachotsa mchenga kawirikawiri mpaka lero. Nkhani imeneyi inationetsa chilema cha komiti yathu. Anthu ambiri m'dera lathu ndi alendi, koma m'komiti tonse tinali eni maploti, ndipo tinkaganiza kuti munthu wa lendi ndi wodutsa, alibe mawu pa za dera. Chonsecho ena mwa iwo akhala m'chipinda chimodzimodzi zaka zambiri kuposa zimene ine ndakhala paploti yanga. Tinawonjezera mipando iwiri ya alendi, ndipo tinasuntha misonkhano kuichotsa pakati pa sabata m'mawa, nthawi imene amayi ali kumsika ndipo aganyu ali m'tauni, kuiika Lamlungu masana anthu ataweruka kumapemphero.

Njere za chimanga

Injiniya atabweranso anabwera ndi mnzake wa ku nthambi yoona za mapulani, ndipo anatilimbikitsa kuti tiwerenge nyumba zathu ndi kujambula mapu athuathu. Njira imeneyi si yachilendo mumzinda uno, pakuti magulu osunga ndalama a Federation, mothandizidwa ndi bungwe la CCODE, lothandiza anthu osauka pa nkhani za malo okhala, akhala akuwerenga nyumba ndi kujambula mapu m'madera ngati Nancholi. Ife tinagawana timagulu, khomo ndi khomo, kulemba kuti pakhomopo pali mabanja angati, chimbudzi chilipo kapena ayi, madzi amatunga kuti, ndipo mu Marichi muja madzi anafika pati. Funso lomalizali anthu ankayankha potitengera kukhoma n'kutilozera ndi chala.

Kenako panafika posankha choyamba. Mndandanda wanga wakale uja tinaujambula pansi, chinthu chilichonse m'bwalo lakelake, ndipo munthu aliyense analandira njere zitatu za chimanga kuti aike pamene mtima wake uli. Abambo ambiri, makamaka a kabaza, anaika pamsewu. Achinyamata anaika pamagetsi a mumsewu chifukwa cha umbanda wa usiku. Amayi anagawa njere zawo pakati pa kiyosiki ndi ngalande. Msewu ndi ngalande zinatsala pang'ono kufanana, ndipo mkangano unakula mpaka wakabaza wina, amene poyamba ankalimbikira msewu, anakumbutsa anzake kuti dothi limene linathiridwa mumsewu wathu nthawi ya kampeni linakokoloka lonse mvula imodzi. Anati msewu wopanda ngalande ndi ndalama zokathira mumtsinje. Anatola njere zake n'kuzisamutsa, ena n'kutsatira.

Kalata imene ndinalemba pambuyo pake inali yaifupi kuposa onse amene ndinalembapo. Inapempha chinthu chimodzi. Inanena poyambira ndi pothera, inali ndi mapu, kutalika kwake koyezedwa ndi tepi, mayina a eni maploti amene avomera kupereka malo ndi zidindo za zala zawo, ndiponso zimene ife tidzapereke: miyala, mchenga ndi manja okumba. Tinaphunziranso kuti kalata ili ndi nyengo yake ngati mbewu. Kuyambira 2022 chaka cha ndalama za boma chimayamba pa 1 Epulo, ndiye pempho liyenera kudutsa kukomiti ya wodi ndi kwa khansala miyezi ingapo tsikulo lisanafike, nthawi imene bajeti ikukonzedwa. Ine makalata anga ndinkawalemba mvula ikativuta, mu Febuluwale kapena Marichi, zonse zitatsekedwa kale.

Za mchenga ndi msonkho

Pali nkhani imodzi imene sitinagwirizane m'komiti, ndipo ndikufuna kunenapo maganizo anga poyera. Mphunzitsi wina wopuma pantchito anafunsa chifukwa chimene ife tiyenera kusenza mchenga pamutu kuti tipeze ngalande, pamene anthu a ku Namiwawa, ku Nyambadwe kapena ku Sunnyside sasenza. Wina anamuyankha kuti kumeneko amalipira msonkho wa malo, pamene kwathu kuno ambiri sitinaonepo n'komwe kalata ya msonkhowo. Onse awiri ankanena zoona. Mzinda umene pakalembera wa 2018 unali ndi anthu oposa 800,000, ambiri mwa iwo okhala m'madera osakonzedwa ngati lathu, sungamange ngalande zonse ndi msonkho wa anthu ochepa. Komanso mayi wogulitsa makala amadula chiphaso cha pamsika tsiku lililonse, ndipo si mlendo mumzinda uno.

Ine ndimaona kuti kusenza mchenga n'koyenera ngati kuli chiyambi cha ubale, osati ngati kuli mtengo umene osauka okha ayenera kulipira mpaka kalekale. Dera likawerengedwa, likajambulidwa pamapu, misewu yake ikadziwika, liyenera kulowa m'kaundula wa mzinda ndi zonse ziwiri, udindo wolipira ndi ufulu wolandira. Ndine wokonzeka kulipira msonkho wa ploti yanga, ndipo ndikalipira ndidzafuna kudziwa kuti wodi yathu yapatsidwa zingati ndipo zagwira ntchito yanji. Lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza nkhani za boma linayamba kugwira ntchito mu 2020, koma m'komiti mwathu panalibe ndi mmodzi yemwe amene anayesapo kuligwiritsa ntchito. Chimene ndingapemphe kwa onse ogwira ntchito za mizinda n'chakuti zimene anachita mayi uja, zoyenda ndi anthu asanajambule pulani, zikhale lamulo la ntchito, zisadalire mtima wabwino wa munthu mmodzi, ndiponso kuti pempho likakanidwa eni ake auzidwe chifukwa chake, kuti adziwe chokonza.

Zinyalala nazo ndi mbali ya nkhani yomweyi. Galimoto yopita nazo kudzala la mzinda ku Mzedi singalowe m'tinjira tathu, ndipo kwa zaka zambiri khwawa ndilo linali dzala la aliyense. Tsiku losesa la Lachisanu lachiwiri la mwezi, limene boma linakhazikitsa mu 2020, kwathu linkangodutsa osadziwika. Tsopano timaligwiritsa ntchito pochotsa majumbo, mabotolo ndi matewera a ana m'ngalande, ndipo banja lililonse lili ndi chigawo chake choyang'anira, kuyambira pamalire ake mpaka pamalire a mnzake. Si onse amene amabwera. Amene amabwera mokhulupirika ndi a kumunsi, amene amadziwa chimene chimachitika ngalande ikatsekeka.

Pamene simenti inathera

Ndalama zimene zinapezeka zinakwanira gawo la kumtunda lokha. Ngalande yomangidwa ndi miyala ndi simenti imayambira pamene panali mkuyu paja, imadutsa kuseri kwa chigayo, imalowa pansi pa kanjira ka kumsika kudzera m'kalavati, imadutsa pakona ya ploti yanga, n'kuthera patsogolo pang'ono pa nyumba ya mayi wogulitsa makala. Kuchokera pamenepo mpaka kumtsinje ndi ngalande yadothi imene tinakumba tokha ndi makasu ndi mapiki, ndipo m'mbali mwake tinabzala udzu wa vetiva kuti ugwire nthaka. Mzere wa gawo lotsalalo tinaukhomera zikhomo. Zina ana anazula, zina zinapita pamoto, ndipo tinakhomanso zachitsulo n'kuzipaka penti, kuti wina asadzamangepo khitchini tikudikira.

Mvula yoyamba yamphamvu inagwa usiku. Ndinadzuka, ndinatenga tochi ndi ambulera, n'kupita pakona paja. Madzi ankabwera ofiira, akulira, atanyamula timitengo ndi mabotolo, ndipo ankadutsa pamene panali khola la nkhuku zanga osakhudza njerwa ngakhale imodzi. Nditakweza tochi ndinaona kuti sindinali ndekha. Kutsidya kwa ngalande kunali mayi uja, atafunda chitenje kumutu, nayenso akuyang'ana madziwo. Anandifunsa ngati kwathu kuli bwino, ine ndinafunsa za kwawo, ndipo anati ana ali m'tulo.

Kumunsi, kumene simenti sinafike, madzi anagumula m'mbali mwa ngalande yadothi usiku womwewo n'kulowa m'nyumba ziwiri. M'mawa tinapita ndi mafosholo ndi matumba a mchenga, ndipo mwini nyumba imodzi anatiuza mosabisa kuti ngalande yathu yangosamutsira vuto pakhomo pake, popeza tsopano madzi amafika kwa iye mofulumira kuposa kale. Injiniya anali atatichenjeza za zimenezi, ndipo bamboyo sankanama. Ndinalemba mawu ake m'kope monga anawanenera, ndinajambula khoma lake pafoni pamene madzi anafika, ndipo tsamba limenelo ndi limene lili pamwamba pa pempho la gawo lachiwiri, limene tinapereka kwa a khansala bajeti isanakonzedwe. Agogo aja atiuza kale kuti kumunsiko khwawa linkagawikana pawiri pafupi ndi mtsinje, ndipo alonjeza kuti miyendo ikawalola adzatiyendetsanso ndi ndodo yawo kuti ationetse mbali imene inkanyamula madzi ambiri.